Lamulo limene ndidasiyira Nandau

Ine ndidabadwa wapakamwa, sindibisa ayi. Kwathu ku Mlangeni amandidziwa bwino: ndikanena chinthu ndiye kuti ndanena, olo mutabwera ndi abusa sindibweza mawu. Kale khalidwe limeneli ndinkanyada nalo. Lero ndikalikumbukira ndimanyansidwa nalo.

Bambo anga adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe. Adabwerako ndi wailesi, chijekete chachikulu ndi chifuwa. Wailesi idafa, chijekete chidang'ambika, koma chifuwa adakalamba nacho. Atafooka kwambiri tidawatengera kuchipatala cha pa boma, ine ndili kale mnyamata wometa ndevu. Anamwino adawaika timapaipi m'mphuno, makina akung'ung'udza pambali pa bedi, ndipo dzuwa lisanalowe bambo adatisiya. Amayi adalira akuloza makinawo: "Awayamwa mpweya! Anabwera akuyankhula awa!" Ine ndidakhulupirira. Ndani sakadakhulupirira? Kumudzi aliyense ankanena kuti munthu akamuika pa okosijeni ndiye kuti kwatha, kaguleni matabwa. Sizidabwere m'mutu mwathu kuti bambo adali atatha kale tisananyamuke nawo kunyumba.

Ndidakwatira Nandau wa ku Biriwiri, n'kumutengera kwathu chitengwa. Mkazi wofatsa, wolimba pa khasu, wosadziwa kukweza mawu. Mwana wathu woyamba adali wamkazi, Esinati. Kamwana kokongola, kosekaseka, koma chifuwa chake chidali chosalimba. Kuzizira kwa Juni kukangoyamba, kankaliza mluzu pachifuwa mpaka munthu kumamva uli panja.

Zaka ziwiri zotsatizana kachewere adapsa ndi chiwawu m'munda, feteleza naye osagulika. Ndidati basi, nane ndikaone kumene bambo adatengako chijekete. Tsiku lonyamuka adandiperekeza pamsewu Nandau ndi amayi, Esinati ali kumsana, ali ndi zaka ziwiri. Minibasi yopita ku Dedza itaonekera patali ndidamukokera Nandau pambali, koma ndidayankhula mokweza dala kuti amayi amve nawo.

"Amake Esi, tamverani. Mwana akadwala thamangirani naye kuchipatala. Jakisoni abaye, mankhwala amwe. Koma za mpweya zija ayi. Mwana wanga asadzamuike timapaipi m'mphuno. Mwamva?"

"Ndamva, bambo ake a Esi."

"Olo adokotala atanena zotani."

"Ndamva."

Amayi adagwedeza mutu nati, "Apo wayankhula, mwana wanga." Ndidakwera minibasi mapewa ali m'mwamba, ndikudziona kuti banja ndalisiya pabwino.

Za ulendo sindinena zambiri. Kutentha kwa ku Tete, miyendo kutupa m'basi, mizere ya paboda yosaoneka mathero. Ku Joni kwenikweniko ndidazunzika miyezi ingapo, lero kukanya simenti, mawa kukumba ngalande, mkuja kungokhala. Amene adandichotsa kumeneko ndi Wedisoni, mnyamata wa ku Bwanje amene tidadziwana pa maganyu omwewo. Iye adapeza malo pa famu ya malalanje kumbali ya ku Kepi, ndipo atakhazikika adandiitana.

Pa famu tinkagona m'chinyumba chachitali cha malata, mabedi osanjikiza, anthu a mitundu yonse, a ku Zimbabwe, a ku Lesotho, a ku Mozambiki. Fungo la masokosi lokha likadatha kukudzutsa popanda belu. Malalanje amathyoledwa nyengo yozizira. M'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu, iwe uli pa makwerero, chikwama pakhosi, kalumo m'manja, minga ya mitengo ikukulemba mikono. Chikwama chikadzaza umatsika, kukakhuthula, kukweranso, mpaka phewa kufa dzanzi. Kapitawo sankalola mafoni m'munda, ankati tizigwa nawo pa makwerero. Tonse tinkawasiya m'bokosi mushedi, kuwaonanso pa nkhomaliro.

Wedisoni ankaopa kuzizira koopsa. Ankavala zipewa ziwiri, ine n'kumamuseka.

"Iwe wa kuchigwa, bwerera kwanu ukalumidwe ndi udzudzu. Kuno n'kwa amuna."

"Khala chete iwe Mbatatesi," ankandiyankha. "Kwanu mumasamba Khirisimasi yokha."

Iye adali ndi mwayi, adaitanitsa mkazi wake ndipo adapatsidwa kachipinda ku nyumba za apabanja. Komweko adabadwa mwana wawo, Pemphero. Lamulungu lililonse ndinkakadya kwawoko, Wedisoni akunyoza mpunga wa m'sitolo kuti ulibe fungo ngati wa ku Bwanje, koma akuthiranso mbale yachiwiri. Tikatha kudya ndinkatuluka panja kukaimbira kunyumba. Nandau ankaika foni pokweza kuti amayi azimva nawo. Ndinkafunsa za mbuzi, za malata amene ndidatumizira, ngati mmisiri wayamba kukhoma, ngati kudimba athirira. Kumapeto ankapatsira Esinati.

"Ababa, muli kuti?"

"Ndili ku ntchito, mayi wanga."

"Bwerani mudzandinyamule."

Mawu amenewo ndinkagwira nawo ntchito sabata yonse.

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri Pemphero adadwala. Adayamba ngati chimfine, kenaka kukana bere, kenaka kubanika. Adamugoneka kuchipatala cha m'tauni yoyandikira. Loweruka titaweruka ndidapita ndi Wedisoni kukazonda. Kungolowa m'wodi ya ana, ndidaona kamwana kali gone, timapaipi m'mphuno, makina pambali. M'maganizo ndidaona bambo anga pa bedi lija.

"Wedisoni, wapenga iwe? Wavomera bwanji zimenezi? Chotsa mwanayu, akupherani!"

"Tsitsa mawu, aise."

"Nditsitse chiyani? Ine ndidaziona ndi maso angawa!"

Sindidathere pokalipa. Ndidatambasula dzanja kuti ndizule kapaipi ndekha. Namwino wina, mayi wamkulu thupi, adandiphwanya dzanja ndi mbama, alonda n'kunditulutsa ngati chidakwa. Panja Wedisoni adandigwira pa kolala, maso ali psuu.

"Ukadzakhudzanso mwana wanga, ndidzakuthyola nsagwada. Wamva?"

Masiku otsatira sitidayankhulane. Ine ndinkangodikira uthenga wa maliro, ndipo Mulungu andikhululukire, mumtima ndidali nditakonza kale mawu akuti ndidanena ine. Loweruka linalo Wedisoni adabwera pa bedi langa n'kundiponyera jekete.

"Vala, tiye."

Tidapeza Pemphero akuyamwa mwaukali, miyendo akuponda m'mwamba, timapaipi atachotsa. Namwino wa mbama uja adandizindikira. Adandikodola ndi chala n'kupita nane pa bedi lina pamene padali mwana wina ali pa makina. Adatenga kapaipi kena, n'kukalumikiza, n'kukaika pa chikhatho changa. Adayankhula Chingerezi chothamanga, Wedisoni n'kumasulira.

"Akuti, akuyamwa kapena akuuzira?"

Ndidamva kamphepo kozizirira kakundiwomba pakhungu. Adasendeza kapaipiko n'kukaika patsaya langa.

"Akuti uyankhe."

"Akuuzira," ndidatero.

Abale inu, zaka zonsezo ndidasenza chinthu chimene mwana wa sitandade wani akadatha kuchitsutsa ndi chikhatho chake. Mayi uja adandionetsanso kakanthu kopana chala cha mwana, kamene kamaonetsa ngati mpweya ukukwana m'thupi. Adati ana ambiri amene ndikuwaona m'wodimo adabwera nthiti zikulowa m'kati, milomo itada, ndipo adzatuluka akusewera. Amene amafera pa makina, adatero, kawirikawiri ndi amene afika nawo mochedwa. Ndidatuluka m'chipatala muja nkhope ili yolemera ndi manyazi. Ndidapepesa kwa mkazi wa Wedisoni, iye n'kungoseka nati, "Alamu, mbama ija inali yochepa."

Mawa lake lidali Lamulungu. Ndidagwira foni ndikudziwa bwino lomwe chimene ndiyenera kunena. Nandau adayankha, ndipo chakumbuyo ndidamva amayi akutsokomola, akusendera pafupi monga mwa masiku onse. Ndiyambe bwanji? Ndiwauze amayi pa foni kuti zaka zonsezi akhala akulira bodza? Ndimuuze mkazi wanga, amayi akumva, kuti mawu amene ndidanena pamsewu mapewa ali m'mwamba adali a munthu wosadziwa kanthu? Ndidati nkhani yotere njosafunika pa foni, ndidzawakhazika pansi ndikapita pa Khirisimasi. Ndidafunsa za mbuzi.

Khirisimasi idafika, ine osapita. Kudapezeka ntchito ya mphesa pa famu ina, ndipo mapepala anga sadali olongosoka moti n'kumaoloka maboda mwachisawawa. Wedisoni adandifunsa kawiri konse.

"Alamu aja wawauza za mpweya?"

"Ndiwauza."

"Liti?"

"Iwe, banja ndi langa kapena lako?"

Adangokweza manja n'kundisiya. Nanenso ndinkadzitonthoza. Pa zithunzi Esinati ankaoneka wonenepa, Nandau ankati chifuwa chija chidayamba kusiya. Ndinkati mwana wakula, zidapita zimenezo.

Kudaziziranso, tidabwerera ku malalanje. Lamulungu lina ndikuimba, Esinati sadabwere pa foni. Nandau adati wagona, ali ndi kachimfine. Ndidati mumufunditse bwino, basi.

Lachiwiri pa nkhomaliro ndidatsegula bokosi mushedi n'kupeza foni yanga yadzaza, Nandau yekhayekha, kuyambira m'mamawa. Nditaimba adayankha msanga, mawu ali osasa, magalimoto akumveka kudutsa.

"Bambo ake a Esi, munali kuti? Ndaimba, ndaimba."

"Mwana ali bwanji? Muli kuti?"

Adafotokoza modukizadukiza. Dzulo lake thupi lidatentha kwambiri, mwana n'kuyamba kupuma mothamanga. M'mawa adapita naye kuchipatala chaching'ono, kumeneko n'kuwatumiza pa boma ndi ambulansi. Adokotala adati ndi chibayo, chagwira mbali zonse. Adamubaya jakisoni, n'kunena kuti pakufunika mpweya msangamsanga. Nandau adakana. Namwino adamukhazika pansi, adamuchonderera, adamuonetsa ana ena amene adali pa makina. Nandau adati dikirani ndifunse bambo ake. Adaimba, foni ili m'bokosi. Amayi adali pomwepo, ndipo adati, "Mufunsanso chiyani? Mawu a mwini mwana munawamva nokha. Tiyeni tizipita asanamuike mokakamiza." Anamwino atatanganidwa ndi mwana wina, iwo adabereka Esinati n'kuzemba. Pamene ndinkaimbapo n'kuti atangotsika kumene minibasi pa Mlangeni.

Kenaka ndidamumva mwana wanga. Sankalira ayi. Ankangobuula pang'onopang'ono, mpweya uliwonse ngati akukoka chinthu cholemera.

"Bwererani!" ndidakuwa. "Amake Esi, bwererani pompano! Akamuike pa mpweya!"

"Koma inu munati…"

"Ndidalakwa! Ndidalakwa ine! Makina aja sayamwa, amauzira! Thamangani!"

Anthu onse mushedi adanditembenukira, atagwira mabuledi m'manja. Amayi adalanda foni.

"Iwe, wamwa chiyani kumeneko? Ukufuna mwanayu atsatire bambo ako?"

"Amayi, chonde, ndikukupemphani, mpatseni foni Nandau!"

"Ine sindibwerera kumeneko. Magazi a mwanayu asakhale pa ine."

Nandau sadakangane nawo. Adangooloka msewu yekha, mwana kumsana, n'kukaima mbali yopita ku boma. Minibasi imene adapeza idali yopanda anthu, ndipo inkaima paliponse kudikira okwera. Ine ndili ku Kepi ndinkakalipira kondakitala pa foni, ngati angandimve. Belu lidalira, anzanga adabwerera ku mitengo, ine ndidakhala pa kreti ya malalanje. Kapitawo adabwera akukalipa, Wedisoni n'kumuimirira kutsogolo. Sindikudziwa adamuuza chiyani, koma adatisiya tonse awiri.

Atafika kuchipatala anamwino sadamukalipire Nandau. Adangomulanda mwana n'kuthamanga naye. Adamuika pa makina, adamubayanso, adokotala adabwera awiri. Nandau adandiuza kuti milomo yayamba kuyera pang'ono, ndipo ine ndidagwada pa simenti ya shedi, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazikumbuke. Dzuwa litapendeka foni idaliranso. Ndidalephera kuigwira. Wedisoni adaitenga, adamvetsera, kenaka adavula zipewa zake zonse ziwiri.

Mwana wanga ndidamusiya ali ndi zaka ziwiri, adamwalira ali ndi zinayi. Sindidamunyamulenso.

Maliro sindidawapeze. Anzanga a m'chinyumba chija adasonkha za ulendo, ngakhale a ku Lesotho amene tinkangolonjerana ndi manja. Wedisoni adandiperekeza kokwerera basi. Sadanene kuti ndidakuuza. Ndikadakonda akadanena, mwina akadandimenya kumene.

Ndidafika pa Mlangeni patatha sabata. Nyumba ndidaipeza yofolera malata, yowala bwino, ndipo ndidadana nayo pomwepo. Akuluakulu adanditengera kumanda monga amachitira ndi munthu amene maliro adamupita. Kamtumbira kake kadali kakafupi, nkhata zitayamba kufota. Ndidalira mpaka adachita kundidzutsa.

Amayi adakalamba m'masiku ochepa. Sankandiyang'ana kumaso. Tsiku lachitatu adayankhula atayang'ana kukhoma.

"Mwana tinali titamupulumutsa ife. Tinafika naye mpaka pamsewu apa. Iwe n'kumubwezera ku makina ndi foni."

Si amayi okha. Mudzi wonse unkanena zomwezo, kuchigayo, kumjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Esinati adalowa m'chipatala akupuma, adamuika timapaipi, dzuwa lisanalowe adapita, chimodzimodzi agogo ake. Ndidakangana nawo, ndidakalipa, ndidafotokoza za Pemphero, za kamphepo pa chikhatho. Ankangoyang'anana, ena n'kumati musiyeni, chisoni chamusokoneza mutu, ena n'kumati ndi nzeru za ku Joni. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi akafuna kukana mpweya kuchipatala, dzina limene amatchula ndi la mwana wanga.

Nandau ndidamupeza ataonda, duku lili mpaka m'maso. Adandilandira chikwama, adandiikira madzi osamba, ankagwada pondipatsa chakudya. Zonse ankachita, koma mawu ake adali eya ndi ayi basi. Ndinkati ndi chisoni, chidzatha.

Patapita masabata angapo tidapita kudimba kukakumba kachewere. Ine ndinkakumba, iye akutola n'kumaponya m'dengu. Dzuwa lili pamutu adaima, n'kuyamba kuyankhula osandiyang'ana.

"Namwino uja anandiuza kuti akanakhala pa mpweya kuyambira m'mawa, mwina bwenzi tili naye. Sananene mokalipa. Anandigwira dzanja."

"Amake Esi, si inu olakwa."

"Ndinamvera inu, ndinamvera amayi. Mwana ali kumsana kwanga akubanika, iye yekha ndiye sindinamumvere."

Ndidasiya khasu. Ndidafuna kumugwira, koma adasendera kumbuyo.

"Pali chimene ndikufuna ndidziwe. Tsiku lija munakuwa kuti makina sayamwa, amauzira. Anakuuzani ndani pa nthawi yomweyo?"

Ndidamufotokozera za Pemphero, za mbama, za kapaipi patsaya. Adamvetsera mpaka ndidamaliza.

"Zimenezo zinachitika liti?"

Ndikadatha kunama. Ndikadati sabata yomweyo, palibe akadanditsutsa, Wedisoni adali kutali. Koma ndidayang'ana nkhope yake ndipo bodza lidakana kutuluka.

"Chaka chatha. Nyengo yozizira ya chaka chatha."

Adayang'ana mbatata imodzi imene idali m'manja mwake.

"Chaka chathunthu mukudziwa."

"Eya."

"Lamulungu lililonse munkaimba."

"Eya."

"Munkandifunsa za mbuzi."

Ndidayamba kufotokoza za amayi, za Khirisimasi, za mapepala. Iye adaika mbatata ija m'dengu mosamala, adapukuta manja pa chitenje, n'kuyamba kukwera chitunda kulowera kunyumba. Sadathamange, sadalire. Ndidamuitana kawiri, sadacheuke.

Loweruka lake adabwera mchimwene wake ndi njinga yamoto kudzatenga katundu. Nandau adatsanzika amayi mwaulemu wonse, atagwada, n'kupita kwawo ku Biriwiri. Ine ku Joni sindidabwererenso. Ndimalima kachewere pomwepa, ndimagona ndekha m'nyumba ya malata ija, amayi ali m'nyumba yawo pafupi, ndipo timalonjerana m'mawa ngati anthu ongodziwana.

Ankhoswe ndidawatuma kawiri. Ulendo woyamba adabwerako opanda yankho. Ulendo wachiwiri adakhala pakhonde nthawi yaitali akupukuta fumbi pa nsapato, kenaka wamkulu adati, "Akuti alibe nanu mlandu, adakukhululukirani kale. Koma akuti sangathenso kumva mawu anu m'nyumba."